Aphunzitsi a agalu obwera kunyumba: mmene anathandizira galu wanga wodumphira anthu

Ngati muli ndi galu wodumphira anthu ndipo mukulingalira zoitana aphunzitsi a agalu kuti azibwera kunyumba kwanu, ine ndikuti aitaneni. Koma mudziwiretu kuti ophunzira enieni mukhala inuyo ndi onse a m'nyumba mwanu. Galu amagwira zinthu msanga, ochedwa ndife anthu. Aphunzitsi amene ndinawaitana ndi mayi wina woyenda yekha m'makomo, kamodzi pamlungu, ola limodzi ulendo uliwonse, ndipo pakati pa mlungu umawatumizira mavidiyo pa WhatsApp kuti aone mmene zikuyendera. Dzina lawo sinditchula poti m'munsimu muli madandaulo angapo, ngakhale kuti zambiri ndinakhutira nazo.

Galu wanga ndi Bruno, wosakanikirana ndi German Shepherd. Pamene tinkayamba anali ndi miyezi 10, akulemera makilogalamu pafupifupi 30. Alibe nkhanza ngakhale pang'ono. Vuto lake ndi kusangalala kopyola muyeso: munthu akangolowa pakhomo, iye waima kale ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo ili pachifuwa pako, lilime likusakasaka chibwano. Kwa ine zinkathera pa malaya odetsedwa. Koma timakhala ndi amayi anga, omwe adutsa zaka 75 ndipo amayenda ndi ndodo. Khungu la munthu wokalamba ndi lopyapyala, chikhadabo chikangokhudza chang'amba, ndipo balalo limachedwa kupola. Choopsa kwambiri ndi kugwa. Mu 2009 bungwe la zaumoyo la CDC, la ku America, linatulutsa lipoti loti m'dzikomo anthu oposa 86,000 chaka chilichonse ankathamangitsidwira kuchipatala atagwa chifukwa cha galu kapena mphaka, ndipo pafupifupi 88 pa 100 alionse anagwa chifukwa cha galu. Ambiri ankapunthwa pa galuyo, ena ankakokedwa kapena kukankhidwa, ndipo zinkachitika kwambiri kwa anthu a zaka 75 kupita m'tsogolo. Ndicho chifukwa chake nkhani yomwe ena amaiona ngati yaing'ono ine sindinkagona nayo tulo.

Tsiku loyamba aphunzitsiwo sanamugwire n'komwe Bruno. Anandiuza kuti ndimutsekere kaye kuchipinda, iwo nalowa, nakhala pakona ya pabalaza ndi kabuku kawo. Kenako anatiuza kuti aliyense atuluke panja ndi kulowanso monga amachitira masiku onse. Zimene anaona ndi izi: ine ndimakalipa kuti “Tsika!” uku ndikumukankha ndi manja awiri, mayi a kunyumba amamusisita m'makutu akadali chiimire kenako n'kumutsitsa, mnyamata wathu amalimbana naye mpaka onse kugubuduka pansi, ndipo amayi amakuwa atakweza manja m'mwamba. Atatseka kabuku kaja anati, “Bambo, galuyu amafuna zinthu zitatu akamadumpha: maso anu, mawu anu ndi manja anu. Nonse anayi mukumupatsa zimenezo, aliyense m'njira yake. Ngakhale kukalipako kwa iye ndi malipiro.”

Mawu amenewo ndiwo maziko a ntchito yonse, ndipo ndikuona kuti anali olondola. Paja amati galu wamkota sakandira pachabe, nayenso wamng'ono sadumphira pachabe. Agalu akakumana amanunkhizana kumaso, ndipo tiana ta agalu timanyambita pakamwa pa akuluakulu ao. Nkhope ya munthu ili kumwamba, ndiye kuti aifikire ayenera kuima. Ali kamwana, aliyense amamunyamula n'kumamupsompsona akakwera miyendo, palibe amene amadandaula ndi makilogalamu 4. Khalidwelo limakula limodzi ndi thupi, ndipo tsiku limene anthu ayamba kukwiya, galuyo amakhala akungochita zomwe wakhala akuyamikiridwa nazo chibadwire.

Alamu anga, omwe asunga agalu kwa zaka zambiri, anali atandilangiza kale kuti galu wodumpha amafuna kukulamulira, ndipo mankhwala ake ndi kumugunda ndi bondo pachifuwa kapena kumuponda zala za miyendo yakumbuyo. Ndinawafunsa aphunzitsiwo za zimenezi, ndipo anakanitsitsa, koma osanyoza alamu anga. Anati maganizo oti galu amalimbirana ufumu ndi mwini wake anachokera ku kafukufuku wakale wa mimbulu, ndipo nditakawerenga ndinapeza kuti n'zoona. Rudolf Schenkel analemba mu 1947 za mimbulu yotsekeredwa pamodzi kumalo osungirako nyama a ku Basel, ku Switzerland, yomwe inkamenyanadi polimbirana udindo. David Mech anafalitsa maganizowo m'buku lake la 1970, koma ataonerera mimbulu yakutchire pachilumba cha Ellesmere ku Canada, analemba mu 1999 kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, makolo ndi ana awo. Mwini wake yemwe anabweza mawu, koma anthu anatsala atagwiritsa akale aja. Za bondo, palinso kafukufuku wa Meghan Herron ndi anzake a pa University of Pennsylvania wa mu 2009, omwe anafunsa eni agalu 140. Mwa omwe anamenya kapena kukankha galu ndi phazi pofuna kumuletsa khalidwe lina, 43 pa 100 alionse anati galuyo anawabwezera ukali. Agalu amenewo anali oti apita nawo kale kwa madokotala chifukwa cha makhalidwe ovuta, choncho si galu aliyense angatero. Komabe ine, wokhala ndi munthu wokalamba m'nyumba, sindikanafuna kusinthanitsa galu wodumpha ndi galu woopa manja ndi mawondo a anthu. Ndipo amayi anga angakweze bondo bwanji ataima ndi ndodo? Njira yoti munthu wofooka kwambiri m'nyumba sangaikwanitse ilibe ntchito kwa ife.

Chimene ndinakonda kwambiri pa ntchito yawo n'chakuti anayamba ndi kutseka mpata woti Bruno adumphe, asanayambe kumuphunzitsa chilichonse. Anabweretsa chingwe chopepuka cha mamita awiri, chopanda kogwirira kumapeto kuti chisamakole m'miyendo ya mipando. Amachimangirira ku lamba wa pachifuwa, osati wa m'khosi, ndipo galu amangochikoka pansi m'nyumba nthawi yomwe tikuyembekezera munthu. Wina akagogoda, umaponda chingwecho pamalo poti galu athe kuima, kukhala kapena kugona momasuka, koma akafuna kunyamuka miyendo yakutsogolo isapite patali. Sumukoka, sumukalipira, umangoima. Anatichenjeza kuti chingwecho tizimuvula tikamachoka kapena usiku, kuopa kuti angadzikole. Anatiuzanso kuti tigule kageti kakang'ono kotchingira ana n'kukaika pakhomo la pabalaza. Zinthu ziwirizi zinasintha moyo wa m'nyumba tsiku lomwelo, galu asanaphunzire kanthu, chifukwa amayi anayamba kuyenda m'nyumba mwawo osayang'anayang'ana kumbuyo.

Maphunziro enieni ndi osavuta kuwafotokoza koma amafuna maso akuthwa. Lamulo ndi limodzi: miyendo inayi ikakhala pansi, zabwino zonse zimabwera, ikachoka pansi zonse zimatha. Munthu akamalowa amakhala ndi tizidutswa ta chakudya m'manja, ndipo galu asanafike n'komwe pa iye amamwaza tingapo pansi, pafupi ndi mapazi. Mphuno ikapita pansi, miyendo siingapite kumwamba. Akamaliza kutola, asanadzutse mutu bwinobwino, umaponyanso kena, uku ukumusisita pachifuwa utawerama. Chinsinsi chili pa mawu akuti asanadumphe. Ukachedwa n'kuponya chakudya iye atakwera kale n'kutsika, wamuphunzitsa kuti njira yopezera chakudya ndi kudumpha kaye. Aphunzitsiwo ankaima pambali n'kumandiuza kuti, “Mwachedwa bambo, onani mapewa ake. Akatsika pang'ono chonchi ndiye kuti akukonzeka kunyamuka. Ponyani pamenepo.” Zimenezi simungaziphunzire powerenga. Pamafunika munthu woona zomwe iwe sukuona, ndipo apa ndi pamene ndalama yanga inagwira ntchito.

Ambiri amagwiritsa ntchito clicker, kachipangizo kolira kamodzi ukakadina, kuti galu adziwe mphindi yeniyeni imene wachita bwino. Mayiwa anati m'nyumba ya anthu anayi kachipangizoko kazisowa nthawi yomwe kakufunika, ndiye tinasankha liwu limodzi lalifupi, “Eya!”, lomwe aliyense amalinena kenako mphotho n'kutsatira pasanathe masekondi awiri. Anatiletsanso kuthamangira kumuuza kuti akhale pansi. Ndinatsutsana nawo poyamba, poti Bruno ankadziwa kale kukhala. Yankho lawo linali loti galu wosangalala kwambiri akakhala amangokhala ngati akusonkhanitsa mphamvu zodumphira, ndipo kubwerezabwereza kuti “Khala, khala, khala” kumangoononga liwulo. Kuima ndi miyendo inayi n'kopepuka, kukhala kunabwera pambuyo pake, ndipo kunabwera kokha. Chakudya cha maphunziro timachichotsa pa chakudya chake cha tsikulo kuti asanenepe. Tinthu tonona tapadera timasungira alendo, ndipo sitipyola gawo limodzi mwa magawo 10 a zomwe amadya patsiku, monga madokotala a ziweto amalangizira.

Tsopano madandaulo. Langizo lawo loyamba la zochita galu akadumpha linali lodziwika lija: pindani manja, tembenukani, mumupatse msana, musalankhule. Kwa kagalu kakang'ono mwina zimagwira. Bruno anangoona kuti msana nawo ndi malo okwerapo, ndipo atapanda kuyankhidwa anayamba kukanda ndi kukoka malaya ndi mano. Mayi a kunyumba anatuluka ndi mizere yofiira kumsana. Titawatumizira vidiyo, aphunzitsi anasintha njira: akadumpha, tulukani pakhomo lomwe mwalowera, tsekani chitseko, werengani mpaka 10, lowaninso. Akadumphanso, tulukaninso. Imeneyi inagwira, chifukwa munthu akachoka palibe chokwera, ndipo chimene galuyo amafunitsitsa, chomwe ndi iweyo, chapita. Ndikuwayamikira kuti sanaumirire njira yolephera. Koma munthu wodziwa ntchito, ataona galu wa msinkhu umenewo ndi mphamvu zimenezo, akanayenera kuyambira pomwepo.

Chachiwiri, anachedwa kutichenjeza kuti zinthu zimayamba zaipa zisanakhale bwino. Khalidwe lomwe lakhala likupindula likasiya kupindula, nyama siisiya nthawi yomweyo, imayamba yalimbikira. Bruno anadumpha kwambiri kuposa kale, akuuwa, ndipo mnyamata wathu anafika ponena kuti maphunzirowa akumuononga galu. Zili ngati mwana wolirira chinthu m'sitolo: akaona kuti kulira kwa masiku onse sikukuthandiza amakweza mawu, ndipo kholo likagonja pamenepo, mwanayo waphunzira kuti chofunika ndi kulira mokweza. B. F. Skinner ndi Charles Ferster anafotokoza bwino zimenezi m'zaka za m'ma 1950 pa kafukufuku wawo wa nkhunda: khalidwe lomwe limalipidwa mwa apo ndi apo ndi limene limavuta kwambiri kulithetsa, kuposa lomwe limalipidwa nthawi zonse. Tanthauzo lake pakhomo n'lakuti munthu mmodzi wolola kudumphiridwa kamodzi pakanthawi amalimbitsa khalidwelo kuposa mmene linalili. Aphunzitsiwo ankazidziwa zonsezi ndipo anazifotokoza bwino titadandaula. Akanatiuza tsiku loyamba, bwenzi titadutsa nyengo imeneyo mtima uli m'malo. Ndikukhulupirira kuti mabanja ambiri amasiyira pomwepa, atatsala pang'ono kuona kusintha.

Nkhani ya alendo ndiyo inandivuta kwambiri, ndipo ndi pamene ntchito yawo ili yoperewera. Galu akaphunzira kusadumphira anthu anayi a m'nyumba, waphunzira za anthu anayiwo basi. Sadziwa kuti lamulolo likukhudzanso wobweretsa katundu, mnzako wa kuntchito, kapena mwana wa oyandikana nawo. Amafunika kubwereza phunzirolo ndi anthu osiyanasiyana, amuna ndi akazi, ovala zipewa, onyamula zikwama, pakhomo lakutsogolo ndi lakumbuyo. Ndinkayembekezera kuti aphunzitsi azibwera ndi anthu awo owathandiza, odziwa kale zoyenera kuchita. Sanatero. Anatiuza kuti tipeze tokha, ndipo anthu odzipereka kuti alowe ndi kutuluka pakhomo pako mobwerezabwereza sapezeka wamba. Ovuta kwambiri si oopa agalu. Amenewo amaima chilili, ndipo Bruno amawasiya msanga. Ovuta ndi okonda agalu, aja amati, “Musiyeni, ine sindidandaula,” uku akudzimenya pachifuwa kumuitana. Munthu wotere amagwetsa m'mphindi imodzi zomwe mwamanga mlungu wathunthu. Aphunzitsi anandipatsa mawu oti ndizinena, ndipo amandithandiza: “Pepani, tikumuphunzitsa chifukwa cha amayi. Mumupatse moni miyendo yake ikakhala pansi.” Ukatchula munthu wokalamba anthu amamva. Amene ndikudziwa kuti samva, Bruno amakhala kuseri kwa kageti mpaka atakhala pansi ndipo chisangalalo cha pakhomo chitazirala.

Gawo lomwe linandigwira mtima ndi mmene anagwirira ntchito ndi amayi. Sanawasiye pambali ngati munthu wongofunika kutetezedwa. Anawakhazika pampando wolimba, Bruno ali pachingwe m'manja mwanga, nati, “Agogo, tsitsani dzanja lanu apa pabondo, chikhatho chiyang'ane kwa iye. Akachikhudza ndi mphuno, nenani kuti eya, kenako mugwetse aka pansi.” Galu anagwira msanga, ndipo dzanja lotsitsidwa linasanduka moni wawo. Kuchokera pampando anapita poimirira atatsamira khoma, kenako akuyenda ndi ndodo yawo. Kale amayi akaona Bruno akubwera ankakweza manja, zomwe kwa galu ndi kuitana. Tsopano ali ndi chochita ndi manja awo, ndipo ndi chinthu chomwe chimatsitsa mutu wa galu. Anaphunzitsanso Bruno kupita pakapeti kake kakang'ono belu la pakhomo likalira, ngakhale kuti limeneli ndi phunziro lomwe likadali losakhwima. Ndipo anatikumbutsa chinthu chomwe tonse tinkachiiwala, kuwenga zikhadabo, kuphatikizapo kachala kaja kam'mbali mwa mwendo wakutsogolo komwe sikakhudza pansi ndipo kamakula kakuthwa.

Za mavidiyo a pa WhatsApp, maganizo anga ndi apakati. Akayankha, mayankho awo amakhala achindunji: pa sekondi yakuti dzanja lanu linakwera, pa sekondi yakuti munamuyang'ana m'maso. Koma nthawi zina yankho linkabwera ulendo wotsatira utayandikira kale, inu mutakhala mukubwereza cholakwika chomwecho. Pepala la malangizo lomwe anatisiyira linali lolembera galu aliyense, ndipo linali likadali ndi langizo lopatsa galu msana lomwe tinali titalisiya.

Chinthu china choti musakhumudwe nacho: galu wanu adzawamvera aphunzitsi kuposa inu. Bruno ankachita zonse bwinobwino ndi mayiwa, iwo akangotuluka n'kuyambiranso kundiyesa. Mbali ina ndi luso lawo, mbali ina ndi msinkhu wa galu. Lucy Asher wa pa Newcastle University ndi anzake anapeza mu 2020 kuti agalu a miyezi 8, omwe ali pa msinkhu wotha msinkhu, ankanyalanyaza mawu a owasamalira kuposa pamene anali ndi miyezi 5, koma akauzidwa ndi mlendo ankamvera. Nyengoyi imadutsa. Aphunzitsiwo anandiuza zimenezi pa nthawi yake, ndipo sanayese kudzitama ndi kumvera kwa Bruno.

Lero Bruno satidumphira ife a m'nyumba, ndipo amayi sanawakwereponso. Ndikabwera kuchokera kuntchito amathamanga kukatenga chidole chake cha chingwe n'kumazungulira nacho pakamwa akupukusa mchira. Khalidwe limeneli analiyamba yekha, aphunzitsi anangotiuza kuti tizisiya chidolecho pafupi ndi khomo. Chakudya chomwaza pansi tinachichepetsa pang'onopang'ono, tsopano chimatuluka pakabwera mlendo watsopano basi. Kwa alendo sindinganene kuti zatheratu. Munthu wolowa mwakachetechete amalandiridwa bwino, koma wolowa ndi phokoso ndi manja m'mwamba amamuonabe akunyamuka pang'ono, ndiye chingwe chikadali pamsomali pafupi ndi chitseko.

Ntchito ngati imeneyi ndi ya galu wodumpha chifukwa cha chisangalalo, thupi lili lofewa, mchira ukupukusidwa ndi chiuno chomwe. Ngati wanu amadumpha thupi litauma, makutu atawatsamiritsa kumbuyo, akuonetsa mano kapena akugwira manja a anthu mwamphamvu, yambani mwaonana ndi dokotala wa ziweto, chifukwa mantha kapena ululu zimafuna chithandizo china. Kumbukiraninso kuti m'mayiko ambiri aliyense angathe kudzitcha mphunzitsi wa agalu popanda chiphaso, choncho funsani musanalipire. Funso lomwe linandithandiza ndi lakuti, galu wanga akalakwitsa mudzamuchita chiyani? Mayiwa anayankha kuti adzamuchotsera chomwe akufuna kwa kanthawi kochepa ndi kufewetsa phunzirolo. Wina amene ndinalankhula naye poyamba anatchula kolala yogwiritsa magetsi, yomwe ku Wales inaletsedwa mu 2010, ndipo bungwe la madokotala oona za khalidwe la nyama la AVSAB, la ku America, linanena mu 2021 kuti agalu aziphunzitsidwa ndi njira za mphotho zokha. Funsaninso ngati adzabwere ndi anthu oyeserera kukhala alendo, ndiponso kuti mavidiyo amayankha pakapita nthawi yaitali bwanji. Ine ndawaitananso mayiwa kuti tikagwire ntchito panja, poti kumsewu Bruno akaona munthu wothamanga akubwera molunjika amafunabe kumulandira ndi miyendo iwiri, ndipo ulendo uno tagwirizana kuti abwera ndi owathandiza awiri.